Ndinathyoka mkono posaka wondiphunzitsa capoeira ku Salima kuno

Ine ndimameta pa Kamuzu Road, kashopu ka mipando iwiri basi, ndipo dzanja lamanjali ndiye munda wanga, ndiye ofesi yanga. Ndayamba ndi zimenezi kuti muone kukula kwa chibwana chomwe ndinachita, mwina wina amene akufuna masewera amenewa asadutse njira yanga.

Capoeira ndinaiona koyamba ku Senga Bay pa Isitala. Tinapita kukasamba ndi anzanga, nde chakumadzulo dzuwa litapepa tinangoona anthu aunjikana pamchenga. Pakati panali anyamata awiri, wina mzungu wina wakuda, amayankhulana Chipwitikizi, akuponyerana miyendo koma osakhudzana. Mwendo umadutsa pamwamba pa mutu wa mnzake ngati chikwanje, iye n'kutsika pansi, n'kutembenukira pa manja, n'kudzukira mbali ina uku akuseka. Wachitatu anakhala pa bwato akuimba chinthu chonga uta chokhala ndi chikho kumunsi. Ndinaima pamenepo mpaka anzanga ananditopera n'kundisiya. Nditafunsa, wa utayo anandilembera dzina pafoni yanga, ati amatchula kuti kapuwera. Kulakwitsa kwanga koyamba kunali pomwepo, sindinatenge nambala ya aliyense. Anthu odziwa chinthucho anali pamaso panga, ine ndinangoti zikomo n'kumapita, mawa lake kubwererako anali atanyamuka kale.

Miyezi iwiri yotsatira inali ya YouTube. Mabandulo a usiku amathera pamenepo, ndikaweruka ndimapita kuseri kwa nyumba foni nditaitsamiritsa pa ndowa n'kumatsanzira. Tsiku lina amayi anasuzumira pawindo ati, "Iwe, wayamba gule usiku uno? Anthu akakuona aziti kwathu kuno kwagwanji?" Ndinawauza kuti ndi masewera a ku Brazil, iwo anangoti kaya, n'kutseka windo.

Kenako ndinaona chipepala chomata pa pholo ya magetsi pafupi ndi depoti. Panalembedwa karate, kickboxing, taekwondo, gym, ndipo pansi penipeni capoeira. Pano ndikaona munthu mmodzi akuti amaphunzitsa zinthu zisanu ndimayamba ndakayika kaye, koma tsiku limenelo mtima unangoti phaa, ndinaimba pompo. Tinakumana. Mnyamata wa zaka mwina 27, thupi lake lokonzeka bwino. Ndinamufunsa kuti, "Bigi, capoeira imeneyi munaiphunzira kuti?" Ati, "Ku Johannesburg mphwanga, zaka zitatu. Ine ndi Mestre." Mestre ndiye kuti mphunzitsi wamkulu wa capoeira. Atatero anachita chipidigoli chobwerera chambuyo pamsewu pomwepo osagwira pansi, akabaza mpaka kuombera m'manja, ine mafunso onse anathera pomwepo.

Ndalama zinali chonchi, K15,000 yolembetsa, K10,000 ya mwezi, K25,000 ya thalauza loyera ndi malaya zomwe ati zichokera ku Lilongwe. Ndinatumiza K50,000 yonse pa Airtel Money tsiku lomwelo. Nthawi imeneyo ndimameta mutu K1,000, ndiye werengani nokha, mitu 50 inapita ndisanaone ngakhale kalasi imodzi.

Timaphunzirira mu holo ina ya simenti, tinalipo asanu ndi awiri, ambiri ana asukulu, wamkulu ndinali ine. Nyimbo zinali amapiano pa sipika. Kutenthetsa thupi kunali kuzungulira holo kawiri basi. Ginga, komwe ndi kupondaponda kuja kobwerera m'mbuyo mwendo uwu kenako uwo dzanja likuteteza nkhope, amationetsa mphindi zisanu ngati chinthu chongodutsapo, kenako ati tiyeni ku zenizeni, zenizenizo ndiye zipidigoli. Ndisanamize, kudumpha mnyamata uja amatha, ndipo n'chimene chinatipusitsa tonse. Koma ana a kunyanja kuno nawonso amachita zipidigoli pamchenga tsiku lililonse, palibe amawatchula kuti Mestre.

Sabata yachitatu anati tichite macaco. Umanjuta, n'kuika dzanja limodzi pansi kumbuyo kwako, n'kudziponya chagada kuti miyendo idutse pamwamba ukaterere uko. Ine si wochepa thupi, komanso ndinali ndisanaimepo ndi manja ngakhale motsamira khoma. Ndinamuuza kuti bigi ndikuopa, iye ati mantha ndi amene amavulaza, ingodziponyani. Ana aja akundiyang'ana, manyazi anandigwira, ndinadziponya. Thupi lonse linatsikira pa dzanja lamanja litapindika ndipo ndinamva kuti thwa, osati ndi khutu lokha ayi, mpaka m'mano. Iye anabwera n'kuligwira dzanja lija n'kulikoka ati langobinya, mwamuna sadandaula, mukapake mankhwala otentha aja mawa mudzuka bho.

Ndinakhala masiku anayi. Apa ndiye pamene ndimadziimba mlandu kwambiri, chifukwa palibe anandimanga miyendo kuti ndisapite kuchipatala. Ndimapita ku shopu n'kumayesa kugwira mashini, dzanja litatupa ngati mandasi, kunjenjemera kwa mashini kumafika mpaka m'phewa. Tsiku lachinayi madala ena omwe ndimawameta kuyambira kalekale anadzuka pampando ndisanamalize ati, "Mwana wanga, tseka shopuyi upite kuchipatala, mutu wangawu udikira." Atandijambula anapeza kuti fupa la mkono lang'aluka pafupi ndi polumikizira dzanja. Adokotala anandikalipira pa zinthu ziwiri, kuchedwa kubwera ndi kulola munthu kukoka dzanja lovulala. Anandiika chikhakha masabata asanu ndi limodzi. Anzanga, mukagwera dzanja n'kutupa, komanso mukulephera kugwira kapu kapena kupotokola kiyi, pitani tsiku lomwelo ndipo wina asakukokeni ati akuwongola.

Masabata amenewo ndinaika mnyamata wina pa shopu, ndalama timagawana pakati, ndipo makasitomala ena anasamukira kwina poti anazolowera dzanja langa. Lendi ya shopu mwezi umenewo anandithandiza ndi amalume, atandinena kaye mokwanira. Chikhakha chitachoka mkono unali wowonda ngati si wanga, panatenganso pafupifupi mwezi kuti ndizimeta tsiku lonse osapumira. Mestre uja sanabwere ngakhale kudzazonda. Ndikafunsa za thalauza ankati zili m'njira, kenako ndinamva kuti wayamba kugulitsa zingwe zamitundumitundu zomanga m'chiuno kwa ana aja K5,000 chimodzi ati akwera giredi, kenako nambala inasiya kupezeka. K25,000 ija mpaka lero.

Chikhakha chinandipatsa nthawi yowerenga, chinthu chomwe ndikanayambira. Capoeira inayambika ku Brazil pakati pa akapolo ochokera ku Africa kuno, ambiri a chigawo cha Angola ndi Congo, ena anatengedwa kudzera ku Mozambique. Ndikuwerenga zimenezo ndinakumbuka ulendo wa kusukulu womwe tinapita ku Nkhotakota kukaona mkuyu pomwe David Livingstone anakumana ndi Jumbe pa nkhani ya malonda a akapolo, ngakhale a pamenepo ambiri amawolotsedwa nyanja kulowera ku Kilwa. Ukapolo ku Brazil unatha mu 1888, koma mu 1890 boma linaika capoeira m'gulu la milandu, munthu amamangidwa akapezeka akusewera. Mestre Bimba ndi amene anatsegula sukulu yake ku Salvador mu 1932, boma n'kudzaivomereza mu 1937, ndipo kaseweredwe kake kamatchedwa Regional. Mestre Pastinha anakhazikitsa yake mu 1941 mumzinda womwewo, yosunga kaseweredwe kakale kotchedwa Angola, komwe kawirikawiri amasewera chapansipansi mochenjererana.

Zaka zimenezi sindikuzitchulira mayeso ayi. Chomwe ndinatolapo n'choti capoeira ili ngati mbumba, aliyense ali ndi womuphunzitsa, womuphunzitsayo ali ndi wake, ndipo wosewera weniweni ukamufunsa amatchula dzina la gulu lake ndi la mphunzitsi wake mosajejema, ngati momwe munthu amayankhira kwa amfumu akamufunsa kuti ndiwe mwana wa yani. Komanso umestre si dzina lodzipatsa wekha. M'magulu ambiri pali masitepe, graduado, instrutor, professor, contramestre, kenako mestre, ndipo kufika pamwambapo ndi nkhani ya zaka makumi, osati zitatu. Ine ndinafunsa kuti munaphunzira kuti, funso loyenera linali lakuti anakuphunzitsani ndani, nanga ndingamupeze bwanji. Safunsa anadya phula, ine ndinafunsa theka n'kudyabe.

China chinandigwira mtima n'choti mu 2014 UNESCO inaika capoeira pa mndandanda wa miyambo yofunika ya padziko lonse, womwewo pomwe pali Gule Wamkulu wathu, ndipo chomwe analemba ndi roda, bwalo lija lomwe anthu amazungulira akuimba ndi kuomba m'manja awiri akusewera pakati. Mu holo muja masabata atatu onse sitinapangepo bwalo, sitinaimbepo nyimbo, uta uja wotchedwa berimbau sindinauonepo. Zili ngati munthu akuuzeni kuti akuphunzitsani chimtali popanda ng'oma ndi nyimbo.

Ndinayamba kulembera magulu a capoeira pa Facebook ndi dzanja lamanzere, a ku Maputo, Cape Town, Johannesburg, onse omwe ndimawapeza, mwina khumi. Anayankha awiri okha. Wina anangoti sakudziwa aliyense ku Malawi. Winayo anayankha patatha masabata atatu, m'Chipwitikizi, ndinachita kumasulira pa Google. Ndinamutumizira kavidiyo ka Mestre wathu uja, yankho lake linali laulemu koma lopweteka, ati munthuyu amadumpha bwino koma ginga yakeyo ife sitikuidziwa. Kenako anandipatsa nambala ya mayi wina wa kwawo amene amagwira ntchito ku Lilongwe, ati amasewera ndi kagulu kochepa Loweruka.

Ulendo woyamba unapita pachabe ndipo wolakwa ndinali ine. Tinalemberana Lolemba, anandiuza malo ndi nthawi, ine osafunsanso sabata yonse. Loweruka ndinatseka shopu, tsiku lomwe ndimapeza ndalama kuposa masiku onse, n'kukwera minibasi ya m'mamawa, makilomita pafupifupi 100 amenewo, kukafika pakhomo pali loko. Iwo anali atatumidwa kuntchito Lachisanu ndipo analengeza pa gulu lawo la WhatsApp lomwe ine munalibemo. Thiransipoti, kabaza wa mutauni ndi chipisi cha masana zinakwana pafupifupi K20,000, osawerengera mitu yomwe sindinamete. Timagulu tating'ono chonchi timayendera munthu mmodzi, akachoka iye palibe kalasi, ndiye imbani usiku wake komanso m'mawa musanakwere galimoto, ndipo pemphani akuikeni pa gulu lawo.

Ulendo wachiwiri ndinawapeza. Ndi mayi wa ku Tete, capoeira anaiphunzirira ku Maputo, Chinyanja amayankhula chosakaniza koma timamvana bwinobwino. Ndinalowa ndi funso langa lija nditalinola. Ndinati, "Asisi, pepani musandione mwano, kodi anakuphunzitsani ndani?" Anaseka ati, "Achimwene, funso limenelo ndi labwino. Ine si mestre ayi, ndine graduada, ndasewera zaka 9. Mphunzitsi wanga ndi contramestre, ali ku Maputo, ndipo ndi amene anandiloleza kutsogolera kagulu kano." Anatchula dzina lake ndi la gulu, n'kundionetsa zithunzi ali limodzi, kenako anamuimbira pa vidiyo tinapatsana moni. Munthu wodziwa anadzichepetsa udindo, wosadziwa uja anadzikweza mpaka kumwamba.

Asanandilole kuchita chilichonse anandifunsa ngati ndili ndi povulala. Nditawaonetsa mkono anati lero simuika dzanja pansi, ndipo musadzaike mpaka achipatala atakuuzani kuti fupa lagwirana bwino. Tsiku limenelo sanandilipiritse. Munali anthu asanu ndi anayi, atsikana anayi, bambo wina wa imvi, pansi pa matabwa. Tinatenthetsa thupi nthawi yaitali, mfundo za manja, mawondo, chiuno, kenako ginga mphindi pafupifupi 40. Ine amene ndimaganiza kuti ginga ndimaidziwa ndinakonzedwa chilichonse, ati mwaimirira kwambiri tsikani, dzanja likwere likuteteza chani pamimbapo, maso kwa mnzanu osati ku mapazi anu. Ntchafu zinayaka moto. Titachoka apo tinaphunzira kuzinda, cocorinha komwe umangonjuta dzanja litateteza mutu, ndi esquiva yopendekera kumbali. Anati m'capoeira mwendo ukamabwera sulimbana nawo kuutchinga, umauzinda, nde sangakuphunzitse kuponya mwendo usanadziwe kuthawa wa mnzako. Kumenya komwe tinaphunzira tsiku limenelo kunali kumodzi kokha, meia lua de frente, mwendo kudutsa pamwamba pa mpando pang'onopang'ono osaugunda.

Kumapeto ndiye kunabwera chomwe ndinachiona ku Senga Bay chija. Anatulutsa ndodo yaitali, anaika mbali imodzi pansi, bondo pakati, n'kuipinda uku akukulunga waya pamwamba mpaka inakhala uta. Waya ameneyo ati amachotsa m'mphepete mwa tayala lakale la galimoto. Analowetsa chikho chobowola kumunsi ndi kachingwe, kachingweko n'kukakoleka pa chala chaching'ono cha dzanja lamanzere, chala chimodzi chimenecho ndiye chimanyamula uta wonse, pamene chala chachikulu ndi cholozera zagwira kamwala kosalala kokanikizira waya. Kumanja kandodo komenyera ndi kadengu kakang'ono ka njere kotchedwa caxixi. Akagunditsa chikho pamimba mawu amatsekeka, akachichotsa amatuluka kuti waaa, ndipo akakanikiza kamwala mawu amakwera. Tinapanga bwalo. Iwo amatsogolera nyimbo ife n'kumavomera, ndendende momwe amayi amachitira kumtondo kapena pa chinkhoswe, mawu a Chipwitikizi sindimawamva koma kuvomera sikunandivute. Awiri osewera amanjuta kaye patsinde pa berimbau, kugwirana chanza, n'kulowa. Uta ukafulumira nawonso amafulumira, ukaleka onse amaima. Anandilowetsa ndi bambo wa imvi uja, ndinangochita ginga ndi kunjuta mwina mphindi imodzi, mwendo wawo unadutsa pamutu panga mpaka ndinamva kamphepo, ndipo ndinatuluka ndikunjenjemera koma ndikuseka ngati mwana.

Za ndalama anandiuza poyera, aliyense amasonkha K5,000 tsiku lomwe wabwera, ya holo, palibe yolembetsa, zovala bwerani ndi thalauza lililonse lotambasuka. Nditafunsa za zingwe zija anagwedeza mutu ati iwo alibe mphamvu yopereka chingwe, chimaperekedwa pa mwambo wotchedwa batizado pakabwera aphunzitsi akuluakulu. Anawonjezera kuti mitundu ya zingwe imasiyana gulu ndi gulu, ndipo a capoeira Angola ambiri savala n'komwe zingwe, ndiye munthu asakuopsezeni ndi mtundu wa chingwe chili m'chiuno mwake.

Mukapeza malo, kaya ndi ku Lilongwe, ku Blantyre kapena mlendo wina wafika kunyanja kuno ati amaphunzitsa, pitani kaye mukaonerere musanatulutse kobiri, ndipo musamayang'ane kwambiri mphunzitsiyo mmene akudumphira, yang'anani amene wangoyamba kumene akumuchita zotani. Akumukonza? Akati ndikuopa akumumvera kapena akumuseka? Pansi pali potani? Ngati palibe berimbau, pali ngakhale pandeiro, kang'oma kam'manja kaja, kapena kuomba m'manja ndi kuimba? Lipirani tsiku ndi tsiku mpaka mutakhutira. Kwa makolo ndi atsikana, wina akati bwera wekha kunyumba ndizikakuphunzitsa mwapadera, kanani, masewerawa ndi a pagulu.

Pano ku Lilongwe ndimapita kawiri pamwezi, thumba likakana kamodzi, ndipo Loweruka limenelo shopu ndimasiyira mnyamata uja. Masiku ena asisi amanditumizira zoti ndizichita, ine n'kujambula kavidiyo iwo n'kundikonza pa WhatsApp. Lamulungu m'mamawa timapita ku Senga Bay ndi anzanga awiri. Mchenga ndi wabwino pogwa koma wofewa uja umagwira phazi ukamazungulira ndipo bondo likhoza kupotokola, nde timasewerera pa wonyowa wolimba wa m'mphepete mwa madzi, asodzi akutiyang'ana uku akukonza makoka. Anandichenjeza kuti ndisadzitche mphunzitsi, tizingobwereza limodzi zomwe ndaphunzira basi.

Berimbau ndinapanga yanga. Waya anandichotsera anyamata omata matayala pa Kamuzu Road pomwepa, chikho ndinapempha kwa agogo, kamwala ndinatola kunyanja. Mtengo wake weniweni wotchedwa biriba ndi wa ku Brazil, nde ndinayesa bulugamu inathyoka pokunga, yachiwiri inathyokanso waya n'kundikwapula pa tsaya, pano ndikugwiritsa nsungwi yokhwima, mawu ake si okoma ngati a asisi koma imalira. Imakhala pa msomali m'shopu ndipo kasitomala aliyense watsopano amafunsa ngati ndayamba kusaka mbalame.

Mwezi watha kunabwera mmodzi mwa ana tinali nawo mu holo muja kudzametetsa, chingwe chachikasu chija anamangira chikwama cha mabuku. Ati, "Akulu, ndamva mukupita ku Lilongwe, mundiphunzitseko macaco." Ndinamuuza kuti macaco ineyo sinditha ndipo sindikudziwa kuti ndidzayamba liti, koma akafuna abwere Lamulungu tidzachite ginga. Anabwera ndi mnzake, iye anati zotopetsa sanabwerenso, mnzakeyo ndiye sajomba. Mkonowu ukamaomba mwera umandikumbutsabe, makamaka m'mawa ndisanagwire mashini. Aú, kutembenuka kuja kodutsira pa manja chammbali, ndayambanso masabata atatu apitawa achipatala atandilola, koma ndikulowera kumanzere kokha. Kumanja ndikangoti ndiike dzanja pansi thupi limakana lokha, asisi ati ndisalikakamize.